Kamphete Kobiriwira ka Malume Lufeyo

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda malume anga, a Lufeyo Mbewe a ku Kuwadzana, kuno ku Harare. Sabata yatha tinakumana pakhomo pawo kukambirana za chiliza. Msuweni wanga Tawanda, mwana wawo wamwamuna amene amagwira ntchito ku Joni, anabwera atalemba kale mawu pafoni. Ankafuna kuti pansi pa dzina palembedwe kuti bambo ake anali munthu amene anatulukira chinthu chatsopano kuthambo. Mayi ake, anaPhiri, sanamudikire kuti amalize. Anati akangolemba zimenezo, mwamuna wawo adzadzuka n'kudzafufuta yekha ndi tchizulo. Tinaseka pang'ono, chifukwa aliyense m'chipindamo ankaidziwa nkhani imene mayiwo ankanena.

Ndikufuna ndiilembe nkhaniyo, poti inenso ndili ndi mbali yanga yosayamikika m'menemo. Koma ndiyambe ndi munthuyo.

Malume anabadwira muno mu Harare, ku Mbare. Bambo awo, omwe ndi agogo anga, anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzafuna ntchito ndipo sanabwererenso. Malume ku Dedzako anangopitako kamodzi, kumaliro, n'kubwerako akudandaula kuti anthu kumeneko ankawaseka kuti Chichewa chawo chikununkha Chishona. Kunonso, kwa zaka zambiri, chitupa chawo chinali ndi chilembo chosonyeza kuti ndi mlendo. Pa Khirisimasi anansi akamakwera mabasi kupita kumidzi kwawo, banja la a Mbewe linkatsala mu layini likuyang'anira nyumba za anzawo. Nkhani imeneyi sankakonda kuikamba. Wina akaiyambitsa ankangoti munthu kwawo ndi pamene amasunga zida zake za ntchito, n'kusintha nkhani.

Ntchito yawo inali yosema zitsulo pamakina, pakampani ina ya ku Workington, komwe anakhalako zaka zoposa makumi atatu. Ankapanga magiya, mabawuti ndi tizitsulo tina timene tikangolakwika pang'ono ngati kukula kwa tsitsi limodzi, makina onse amaima. Ntchitoyo inawalowerera. M'thumba la jekete ankayenda ndi veniya, kachitsulo koyezera makulidwe a zinthu, ngakhale popita kutchalitchi. Mawu akuti "pafupifupi" ankadana nawo. Ukawauza kuti ufika cha m'ma folo, ankakufunsa kuti folo yake iti, yokhala ndi mphindi zingati pamwamba. Sankapsa mtima msanga, koma sankadziwanso kusiya nkhani ili pakati. Adzukulu awo, amene amayankhula Chishona chokhachokha, ankawaitana kuti sekuru, kutanthauza agogo, iwo n'kumawayankha m'Chichewa, kubwerezabwereza mpaka mwanayo atamva.

Telesikopu inafika pakhomopo chaka chimene kampani ija inkatsekedwa. Mzungu wina wokalamba, injiniya wa pomwepo, ankasamuka m'dziko muno, ndipo anasiya m'chipinda chosungira katundu chimpaipi chachitali ngati munthu, chokhala ndi galasi lalikulu lozungulira kumunsi kwake. Miyendo yake inali yothyoka. Anzawo anatola mawilibala ndi malata, malume ananyamula chimpaipicho n'kukwera nacho kombi, minibasi ya kuno, kondakitala akukalipa njira yonse. Miyezi yotsatira anasema okha magiya pamakina a mnzawo wina wa galaja, n'kumangirirapo kamota kakang'ono, kuti chimpaipicho chiziyenda chokha pang'onopang'ono kutsatira nyenyezi pamene thambo likuzungulira. Kuseri kwa nyumba, pakati pa chimbudzi ndi mpanda, anaumba chipilala cha simenti n'kuikhomerapo. Kamera inabwera patapita zaka, yotumizidwa ndi Tawanda, yogwira kale ntchito kwa munthu wina, pamodzi ndi laputopu imene batire yake inali itafa.

Anthu ankaganiza kuti amajambula mwezi. Mwezi ankauonetsa alendo okha, ndipo ankati ndi mdani wa ntchito yawo chifukwa umayeretsa thambo. Chimene ankasaka iwo chinali timitambo ting'onoting'ono timene maso paokha sangatione. Anandifotokozera kangapo ndisanamvetse. Nyenyezi yonga dzuwa lathuli ikakalamba imataya mpweya wake wakunja. Mpweyawo umafufuma mozungulira ngati thovu la sopo, pakati n'kutsala kanyenyezi koyera kotentha kwambiri kamene kamauwalitsa. M'mabuku achingerezi timitambo timeneti tili ndi dzina lokhudza mapulaneti, zimene malume ankati n'kusokoneza anthu chabe, poti si mapulaneti ayi. Iwo ankatitcha makoko a nyenyezi. Makoko akuluakulu otchuka, amene aliyense wokhala ndi telesikopu amawajambula, sankawakopa kwenikweni. Ankafuna ting'onoting'ono, timene m'mabuku tili ndi nambala yokha popanda dzina, timene pakompyuta timaoneka ngati njere ya mapira yobiriwira.

Kujambula kwake sikunali kongodina batani. Kuwala kwa tinthu timeneti n'kochepa kwambiri, moti chithunzi chimodzi chimangotuluka mdima wodzaza timadontho, ngati TV yopanda eriyo. Ndiye malume ankajambula malo amodzimodziwo kambirimbiri, chithunzi chilichonse kamera itatsegula mphindi ziwiri, usiku wonse, kwa mausiku angapo. Kenako kompyuta inkasanjikiza zithunzizo, china pamwamba pa chinzake, nyenyezi pa nyenyezi inzake. Timadontho tachisawawa tija tinkafafanizana, koma chimene chilipodi kuthamboko chinkakhuthala pang'onopang'ono mpaka kuonekera. Ankajambulanso kamera itatsekedwa ndi chivindikiro, kuti adziwe zabodza zimene kamerayo imapanga yokha ikatentha, n'kuzichotsa. Kukamacha ankakuta kukamwa kwa telesikopu ndi nsalu yoyera n'kujambula thambo likuyera, kuti fumbi la pagalasi lidziwike pamene lili. Nsalu yabwino pa ntchito imeneyi inapezeka kuti ndi duku loyera limene anaPhiri amavala Lachinayi kumsonkhano wa amayi a mpingo. Mkangano wa dukulo unatenga mwezi wathunthu, ndipo unatha malume atagula maduku awiri, limodzi la mayi, lina la telesikopu.

Magetsi akazima, Kuwadzana yense amadandaula. Mu layini monse malume okha ndiwo ankasangalala, ngakhale ankayesetsa kubisa. Nsanja zazitali za magetsi ounikira m'malayini zikazima, Mlalang'amba unkaoneka kuchokera kumpanda uku mpaka kumpanda uko. Miyezi yawo inali ya chisanu, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, thambo likakhala louma ndi loyera. Ankavala majekete awiri ndi chipewa chaubweya, batire ya galimoto ili pambali poyendetsera kamota kaja. Mvula ikayamba, mitambo n'kutseka, ankasanduka munthu wovuta m'nyumba, wongomasula ndi kukonza zinthu zimene sizinawonongeke.

Ine ndinalowamo chifukwa cha ntchito yanga. Ndili ndi kashopu kosindikiza pa mashopu a ku Kuwadzana komweko: mafotokope, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro. Kompyuta yanga inali yamphamvu kuposa laputopu yawo, ndiye Loweruka masana ankabwera ndi fulashi ataiika m'kabokosi ka machesi, n'kukhala pasitulu pambali panga. Kumeneko n'kumene tinkakanganirana. Ine ndinazolowera kuyeretsa nkhope za akwati, kuchotsa ziphuphu, kuwonjezera mtundu pamaluwa. Tsiku lina ndinaona kamtambo kawo kena kakuoneka kotuwa, ndiye iwo atatuluka kukapuma mphepo ndinakawonjezera kabuluu pang'ono. Atabwerera anayang'ana kamodzi kokha n'kundiuza kuti ndikabwezere mmene kanalili.

"Kukweza kuwala kumene kamera yagwira ndi ntchito, Esinati," anatero. "Kupakapo kumene kulibe ndi bodza."

Ndinawauza kuti koma kakongola. Anati sanandipemphe kuti kakongole.

Mkangano wawo waukulu unali ndi mnansi wawo, a Domingo, kalipentala wogwira ntchito ku Glen View amene anabwera ali mwana ndi makolo awo pothawa nkhondo ku Tete. Akuba atawabera matabwa ndi makina osokera masofa, a Domingo anaika getsi lowala kwambiri loyendera dzuwa pakona ya nyumba yawo, loyaka usiku wonse ngakhale magetsi atazima. Kuwala kwake kunkagwera pa telesikopu penipeni. Malume anapita kukadandaula ali ndi pepala la miyeso m'manja. A Domingo anawayankha kuti nyenyezi sizinabedwepo, koma matabwa awo anabedwa. Anakhala miyezi itatu osapatsana moni, akazi awo akucheza pampanda ngati palibe chachitika. Pomaliza malume anasula chipewa cha lata n'kupempha kuti achiveke getsilo, kuti kuwala kuzigwera pabwalo la a Domingo pokha. Bwalolo linawala kuposa kale. A Domingo sanapepese, malumenso sanapepese, koma patatha sabata kunabwera bokosi la matabwa lokhala ndi mawilo, lophimbira telesikopu nthawi ya mvula.

Tsopano nkhani ija. Inayamba zaka zinayi asanamwalire. Tawanda anawatumizira kagalasi kosefa kuwala, kolola kudutsa mtundu umodzi wokha wobiriwira umene makoko a nyenyezi amatulutsa. Chisanu cha chaka chimenecho malume anathera mausiku khumi ndi anayi pa kamtambo kena kodziwika kale, pafupi ndi nyenyezi zinayi zija za Mtanda wa Kumwera. Titasanjikiza zithunzizo kushopu kwanga, kamtamboko kanatuluka bwino pakati. Koma pakona, chakumanzere, panali chinanso: kamphete kobiriwira, kofooka kwambiri, kozungulira bwinobwino. Malume anavula magalasi awo n'kuwapukuta. Anandiuza kuti ndichotse theka la zithunzi ndisanjikize theka lotsalalo. Kamphete kanalipo. Tinayesa theka linalo, kanalipobe. Anapita kunyumba osatsanzika.

Masabata awiri anafufuza m'ndandanda uliwonse umene akanaupeza pa intaneti wa timitambo todziwika. Pamalo amenewo panalibe cholembedwa. Zimachitikadi kuti anthu wamba, ojambulira kuseri kwa nyumba zawo, amatulukira timitambo totere, ndipo akatswiri akatsimikiza, kamtamboko kamalembedwa ndi dzina la woyamba kukaona, nambala ili pambali. Malume anatumiza chithunzicho kugulu la pa intaneti la anthu a m'mayiko osiyanasiyana ochita zomwezi. Ambiri anawayamikira. Mmodzi yekha, nkhalamba ina ya kutsidya kwa nyanja imene sankaidziwa n'nkhope yomwe, analemba mwachidule kuti asanasangalale, asunthe telesikopu pang'ono, atembenuze kamera, ajambulenso. Malume anavomereza kuti wanena zoona. Koma apa n'kuti Seputembala atalowa, Mtanda utatsikira kuseri kwa madenga, thambo lili utsi wokhawokha wa moto wa m'tchire. Kenako kunabwera mvula. Panafunika kudikira mpaka Epulo.

Anandiuza momveka bwino kuti ndisauze munthu. Ine ndinapirira masabata atatu. Kenako ndinasindikiza kampheteko papepala lalikulu n'kulipachika kushopu, ndinatumizanso pagulu la pafoni la achibale. Sindinganame kuti ndinachita mwangozi. Ndinkafuna anthu adziwe kuti mkulu amene ankamunena kuti wazungulira mutu, ena mpaka kumunong'onera za ufiti chifukwa chochezera panja, ndi malume anga, ndipo achita chinthu chachikulu. Pofika Khirisimasi nkhaniyo inali itakula moti sinkafanananso ndi mmene inayambira. M'makombi ankati mdala wa Chimalawi wa ku Kuwadzana wapeza pulaneti. Abusa anaitchula paguwa. Ku sosaite yathu ya maliro, kumene ife a makolo ochokera ku Malawi timakumana Lamlungu loyamba la mwezi, wapampando anaimirira n'kunena kuti ife amene timanenedwa kuti tilibe kwathu, tsopano dzina lathu likalembedwa kumwamba. Anagwirizana zodzachita phwando chitsimikizo chikangofika.

Malume anandikalipira kamodzi, mwachidule, kenako anasiya. Ndikuganiza kuti nawonso zinayamba kuwakomera. Anthu omwe kale ankangowadutsa tsopano ankawavulira chipewa. Masana ena mu Febuluwale mvula itatitsekereza kushopu, anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pepala lija pakhoma, kenako anayamba kukamba za bambo awo. Agogo anaikidwa kumanda akale a m'tauni, koma kachikwangwani kachitsulo ka pamtumbira wawo kanabedwa kalekale, ndipo palibe amene akudziwa bwinobwino kuti mtumbirawo ndi uti.

"Dzina la bambo wanga lilibe pamene linalembedwa," anatero. "Ku Dedza kulibe, kuno kulibe. Ichi chikakhala choona, akalemba kuti Mbewe."

Ndinali ndisanawamvepo akuyankhula chonchi, ndipo sanabwerezenso.

Mvula inasiya mochedwa chaka chimenecho, kumapeto kwa Epulo. Usiku woyamba wopanda mitambo anamasula kamera, anaitembenuza, n'kusuntha telesikopu monga nkhalamba ija inanenera. Anajambula mausiku asanu. Loweruka anabwera kushopu atavala jekete la kutchalitchi. Ndinatseka chitseko, makasitomala awiri ndinawauza kuti makina afa. Kompyuta inagwira ntchito yake nthawi yaitali ife titangokhala. Kamphete kanatulukanso, ine n'kuomba m'manja. Malume sanasunthe. Anandiuza kuti ndisindikize zithunzi zonse ziwiri, chakale ndi chatsopano, pamapepala opyapyala, kukula kofanana. Anaphatikiza mapepalawo pagalasi la zenera, dzuwa likuwala kuseri kwake, n'kumatembenuza lapamwambalo mpaka nyenyezi iliyonse itakhala pa inzake. Nyenyezi zonse zinagwirizana. Kamtambo kodziwika kaja kanagwirizananso. Timphete tokha ndito tinali tiwiri, kena apa, kena apo. Anatulutsa veniya n'kuyeza mpata wa pakati pake, ngati kuti kukula kwa mpatawo kukanasintha kanthu.

Anandifotokozera ndi mawu otsika, maso ali pazenera. Chinthu chimene chili kuthambo sichichoka pakati pa nyenyezi zoyandikana nacho. Ichi chachoka, ndiye kuti chili m'kati mwa telesikopu. Kunja pang'ono kwa malire a chithunzicho kunali nyenyezi yowala kwambiri, ndipo kuwala kwake kunkagunda kagalasi kosefa kaja n'kubwerera, n'kusiya mphete pa kamera. Chaka chathacho bodzali silinaonekere chifukwa iwo, ndi kusamala kwawo konse, ankaloza telesikopu pamalo amodzimodzi ndendende usiku uliwonse, potsatira timizere timene anazokota pazitsulo. Anati munthu wosasamala akanaligwira usiku wachiwiri.

Ndinayamba kuyankhula mofulumira. Ndinati tingokhala chete, tiziti akatswiri akunja amachedwa kuyankha, anthu adzatopa n'kufunsa n'kuiwala. Ndinati mu Kuwadzana monse mulibe munthu amene angasiyanitse mapepala awiriwa. Ndinkaganiza za manyazi awo, koma ndinkaganizanso za anga.

"Mawa ndi Lamlungu loyamba," anatero. "Undisindikizire ena awiri ngati awa. Ndipo lija ulitsitse pakhomapo."

Sosaite imakumana m'kalasi ya sukulu ina, akuluakulu atapanikizana m'madesiki a ana. Tsiku limenelo munadzaza, poti anthu anamva kuti a Mbewe ayambanso kujambula. Zokambirana zitatha malume anapempha kuyankhula. Anapita pazenera ndi mapepala awo awiri n'kuchita zomwe anachita kushopu, pang'onopang'ono, kuti ndi akumbuyo omwe aone. Anafotokoza m'Chichewa, n'kubwereza m'Chishona chifukwa cha achinyamata. Pomaliza anatembenuka n'kuyang'ana anthu.

"Palibe chimene ndatulukira," anatero. "Kunali kuwala kosochera m'galasi langa. Mwandipatsa ulemu miyezi yonseyi pa chinthu chimene kulibe, ndiye ndabwera kudzaubweza. Pepani."

Za ine sanatchule. Wina kumbuyo anaseka. Wapampando anakwiya poyera. Anati nkhani yotere akanabwera nayo kwa akuluakulu kumbali, osati kuchititsa manyazi mtundu wonse pamaso pa ana, ndipo mawa tisekedwa m'makombi monse. Malume anayankha kuti nkhaniyo inalengezedwa m'chipinda chomwecho anthu onse akumva, choncho iyenera kufera momwemo anthu onse akumva. Anapinda mapepala awo n'kukhala pansi. Potuluka ambiri anawalambalala. A Domingo, amene si a sosaite yathu koma anabwera kudzamva za phwando, ndiwo anayenda nawo mpaka kunyumba, ine ndikutsatira m'mbuyo. Njira yonse anakambirana za guluu wa masiku ano amene sagwira matabwa.

Kunyumba anaPhiri anali atamva kale. Mayiwa zaka zonsezi ankati telesikopu ndi mkazi mnzawo, ndipo ndinkayembekezera kuti lero anena zonse zimene anasunga. Anangowayang'ana malume akuvula jekete.

"Ndiye mwasiya?" anafunsa.

"Ayi."

"Idyani tsono. Lero magetsi azima seveni."

Madzulo omwewo, asanavundukule telesikopu, malume analembera gulu la pa intaneti lija kuti analakwitsa, n'kufotokoza tsatanetsatane mmene zinachitikira kuti ena zisadzawachitikire. Nkhalamba ija inayankha ndi mizere iwiri, kuti iyonso inanyengedwapo chimodzimodzi. Anapitiriza kulemberana mpaka malume atadwala.

Kusekedwa kunalipodi. Kwa miyezi ingapo oitanira makombi ankafuula kuti sekuru a pulaneti akudutsa, iwo n'kumangokweza dzanja ngati apatsidwa moni. Ena a sosaite sanawakhululukire. Ine ndinapita kukapepesa patatha sabata, nkhuku ili m'manja. Anandimvetsera mpaka ndamaliza, kenako anati kulakwa kwanga kunali kufulumira, kwawo kunali kufunitsitsa, ndipo kwawoko ndiye kwakukulu. Nkhukuyo tinadya tonse. Chithunzi cha kamphete anachiika m'felemu n'kuchipachika pabalaza pakati pa zithunzi zina zenizeni, pansi pake atalemba ndi pensulo kuti "cholakwa changa". Alendo nthawi zambiri ankaloza chomwecho kuti ndiye chokongola kuposa zonse, iwo n'kuyambiranso kufotokoza.

Anajambulabe nyengo zitatu za chisanu, timitambo todziwika kale tokhatokha, ndipo kuyambira pamenepo ankasuntha telesikopu dala usiku uliwonse. Kenako maso anayamba kuchita ng'ala. Kushopu ankandifunsa kuti ndiwauze ngati nyenyezi pakompyuta zili zozungulira kapena zatalika, ndipo ndikayankha mokayika ankandiuza kuti ndiyang'anenso. Sitiroko inawagwira m'mawa wina mu Juni akupinda bulangeti limene anafunda panja. Anakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi osayankhula, ndipo anamwalira Lachiwiri masana anaPhiri ali pambali pawo.

Pamaliro panalalikira mbusa mlendo amene anangouzidwa pang'ono za iwo, ndipo ananena kuti nyenyezi yathothoka kumwamba. Ndinaona anaPhiri akupukusa mutu pang'ono. Zaka zonsezi ankamva mwamuna wawo akuwongolera aliyense wonena choncho, kuti nyenyezi sizigwa, zimene zimagwa ndi timiyala chabe. Wapampando uja anayankhula m'malo mwa sosaite. Anati malemuwa sankanamiza munthu, ngakhale bodza loti likanatikomera tonse. Mpaka lero sindidziwa ngati ankawayamikira kapena ankadandaulabe. A Domingo sanayankhule. Bokosi la maliro anapala ndi iwo, ndipo anakana kuti wina awathandize.

Masiku ano ndikapita kukaona anaPhiri ndimalowera kuseri. Telesikopu ili pansi pa bedi m'chipinda chogona adzukulu, yokulungidwa m'makatoni. Tawanda akuti adzaitenga akadzapeza malo. Chipilala chidakalipo, mabawuti atatu a pamwamba pake ayamba dzimbiri, ndipo wina anamangirapo chingwe choyanikira zovala. Pambali pake, pasimenti, pali timaenje tinayi pamene pankakhala miyendo ya mpando wawo, ndipo madzi ochapira akatayidwa amaima m'menemo. Kumpanda wa kumwera kuli mtengo wa mapeyala umene malume ankausadza chaka chilichonse mvula ikangosiya, akukangana ndi anaPhiri za zipatso zimene zikutayika. Chaka chino palibe anaukhudza. Wabereka kwambiri, nthambi zake mpaka zawerama kudutsa pamwamba pa chimbudzi, ndipo adzukulu amagwetsa mapeyala ndi mtengo wa tsache. Sabata yatha, anthu atabalalika, ndinaima pafupi ndi chipilalacho n'kukweza maso kumene telesikopu inkaloza. Kuli masamba okhaokha.